Momwe zombo zidagamulira nkhondo zapachiweniweni za Aroma

Aroma akale amatchuka ndi asilikali oyenda pansi, omwe adagonjetsa mayiko kuyambira ku Spain mpaka ku Syria. Komabe pamene akazembe awo adayamba kulimbirana ulamuliro, pakati pa zaka za 49 ndi 31 BC, nthawi zambiri nkhani inkathera panyanja. Yemwe adali ndi zombo ndiye ankasankha malo omenyera nkhondo, ndiponso ankatha kugoneka mdani wake ndi njala.

Chifukwa chachikulu chidali tirigu. Mzinda wa Roma udakula kwambiri moti minda ya ku Italy siinkatha kuudyetsa, choncho chakudya chinkabwera pa zombo kuchokera ku Sicily, Sardinia ndi kumpoto kwa Africa. Anthu olandira tirigu waulere kuboma adafika 320,000, mpaka Julius Caesar adawachepetsa kukhala 150,000. Zombo zikachedwa milungu ingapo, mumzinda munkabuka zipolowe.

Chombo chankhondo cha nthawi imeneyo chinkayenda ndi nkhafi za opalasa ambirimbiri, ndipo kumphuno kwake kunkakhala chitsulo cholemera chamkuwa chogundira ndi kuboola chombo cha mdani. Mitengo yosemera zombo siinkavuta kupeza, koma kuphunzitsa anthu kupalasa mogwirizana kunkatenga miyezi. Zombozi zinkanyamulanso madzi akumwa ochepa, motero zinkadalira gombe pafupifupi tsiku lililonse.

Caesar awoloka m'nyengo ya namondwe

Caesar atalowa m'Italy ndi asilikali mu January 49 BC, mdani wake Pompey adachoka padoko la Brundisium ndi kuwolokera ku Greece. Caesar sadathe kumulondola popeza adalibe zombo. M'malo mwake adatembenukira ku Spain, ndipo panjira, mzinda wa Massilia, womwe lero ndi Marseille, utamutsekera zipata, adalamula kuti asemedwe zombo 12 ku Arelate. Ntchitoyo idatha m'masiku 30, ndipo Decimus Brutus adapambana nazo kawiri panyanja.

Mu January 48 BC, nthawi yomwe amalinyero ankaopa nyanja ya Adriatic, Caesar adawolotsa magulu asanu ndi awiri a asilikali mwadzidzidzi. Mkulu wa zombo za Pompey, Marcus Bibulus, adazindikira mochedwa. Adagwira zombo pafupifupi 30 zikubwerera zopanda katundu ndipo adazitentha pamodzi ndi amalinyero ake, kenaka adatseka njira kuti asilikali otsala asawoloke. Koma gombe lidali m'manja mwa Caesar, yemwe adamana anthu a Bibulus madzi ndi nkhuni. Bibulus adadwala ndi kufera m'chombo. Mark Antony adapeza mpata wowolotsa asilikali otsalawo, ndipo mu August chaka chomwecho Pompey adagonja ku Pharsalus. Adali ndi zombo zambiri, koma zidalephera ntchito imodzi yomwe adazidalira.

Mwana wa Pompey atseka njira ya tirigu

Caesar ataphedwa mu 44 BC, mwana wa Pompey, Sextus, adalanda chilumba cha Sicily. Kumeneko kudathawira anthu omwe mayina awo adalembedwa kuti aphedwe ku Roma, pamodzi ndi akapolo ambiri. Sextus, yemwe ankadzitcha mwana wa Neptune, mulungu wa nyanja wa Aroma, adatsekereza zombo za tirigu. Njala itakula, anthu adagenda Octavian, yemwe adalowa m'malo mwa Caesar, pabwalo la mzinda. Mu 39 BC Octavian ndi Antony adakakamizika kupangana mtendere ndi Sextus ku Misenum, ndipo adamuvomereza kulamulira Sicily, Sardinia ndi Corsica malinga atsekule njira ya chakudya.

Mgwirizanowu sudakhalitse. Chaka chotsatira Octavian adataya zombo zambiri, zina kunkhondo, zina ndi namondwe. Apa adapereka ntchito yonse kwa bwenzi lake Marcus Agrippa. Mu 37 BC Agrippa adakumba ngalande zolumikiza nyanja zing'onozing'ono za Lucrinus ndi Avernus ndi nyanja yaikulu pafupi ndi Naples, ndipo padakhala doko lobisika la Portus Julius. Mmenemo akapolo 20,000 omwe adamasulidwa adaphunzira kupalasa kutali ndi maso a Sextus.

Agrippa adadziwa kuti amalinyero a Sextus adali akatswiri pokhotetsa zombo zawo zopepuka. Iye adasema zombo zazitali ndi zolemera, ndipo adakonza chida chotchedwa harpax, mbedza yachitsulo yomangirira kumtengo ndi zingwe, yoponyedwa ndi makina. Ikakola chombo cha mdani ankachikokera pafupi, asilikali n'kulumphiramo ndi kumenya monga pamtunda. Pa 3 September 36 BC, ku Naulochus, mbali iliyonse idabwera ndi zombo pafupifupi 300, ndipo za Sextus zidapulumuka 17 zokha. Iye adathawira kum'mawa ndipo adaphedwa ku Miletus chaka chotsatira.

Actium, nkhondo yotha isadayambe

Adatsala awiri, Octavian ndi Antony, yemwe ankadalira chuma cha mfumukazi Cleopatra ya ku Egypt. Antony adasonkhanitsa asilikali ndi zombo ku Actium, kumadzulo kwa Greece, koma chakudya chawo chinkachokera kutali podzera panyanja. Kumayambiriro kwa 31 BC Agrippa adalanda doko la Methone, kenaka Leucas ndi Patrae, ndipo njirayo idaduka. Kwa miyezi ingapo msasa wa Antony udazunzika ndi njala ndi matenda, akuluakulu ena adathawira kwa Octavian, ndipo opalasa adachepa mpaka Antony adatentha zina mwa zombo zake.

Pa 2 September 31 BC Antony adatulutsa zombo zotsalazo zitanyamula matanga, zomwe sizinkachitika popita kukamenyana chifukwa matanga ankalemeretsa chombo. Akatswiri ambiri a mbiri amaona ichi ngati umboni wakuti cholinga chake chidali kuboola mzere wa adani ndi kuthawa. Nkhondo ili mkati, zombo 60 za Cleopatra zidapeza mpata ndi kulunjika ku Egypt, Antony pambuyo pake. Zombo zotsala zidagonja, ndipo patapita pafupifupi sabata asilikali ake apamtunda adadzipereka osamenya nkhondo. Antony ndi Cleopatra adadzipha ku Alexandria mu August 30 BC.

Octavian, yemwe adalandira dzina lakuti Augustus mu 27 BC, sadafune kuti wina adzamuchite zomwe Sextus adachita. Adakhazikitsa magulu a zombo okhazikika ku Misenum ndi ku Ravenna, ndipo dziko la Egypt, lomwe lidasanduka nkhokwe yaikulu ya Roma, adaliika pansi pa nthumwi yake, n'kuletsa akuluakulu a Senate kupondako popanda chilolezo. Nzeru imeneyi idaonekanso mu 69 AD, pamene zombo za ku Ravenna zidagalukira mfumu Vitellius, ndipo mdani wake Vespasian adakakhala ku Alexandria komwe tirigu ankapakiridwa.