Zosintha za Pulogalamu Yowerenga Deta: Nkhani ya Python ndi pandas

Fayilo ya CSV ndi tebulo lolembedwa m'mizere ya mawu wamba, ndipo mpatuliro ndi umene umalekanitsa dzina, tsiku ndi mtengo. Vuto ndi lakuti mafayilowa salembedwa mofanana. Ku Germany ndi ku France, kumene mpatuliro umalowa m'manambala, pulogalamu ya Excel imalekanitsa ndi chizindikiro cha ";" m'malo mwake. Chikalata cha RFC 4180 chofotokoza kalembedwe ka CSV chinatuluka mu 2005, aliyense atazolowera kale njira yake. Choncho wolemba laibulale yowerenga deta, yomwe ndi mtolo wa malangizo a kompyuta umene ena amabwereka mwaulere, amafunika kupereka zosintha, zomwe ndi njira yoiuzira mmene fayilo yalembedwera.

Chilankhulo cha kompyuta cha Python chinalowetsa laibulale yake ya csv mu 2003. Zosintha zake ndi zochepa: chizindikiro cholekanitsa, mitengero yotsekera mawu, mathero a mzere ndi zina zowerengeka. Olemba ake anazimanga m'mitolo yokhala ndi mayina, monga excel ndi excel-tab, kuti munthu angotchula dzina limodzi basi.

Laibulale ya pandas, imene Wes McKinney anayamba mu 2008, inatenga njira ina. Lamulo lake la read_csv lili ndi zosintha pafupifupi 50, ndipo popeza ambiri sazikhudza n'komwe, laibulaleyo imadziganizira yokha. Apa ndiye pagona nkhani. Ikapeza mndandanda wa manambala okhaokha imati ndi masamu, ndiye nambala ya foni yoyamba ndi 088 kapena 099 imataya ziro wake woyamba. Ikapeza zilembo NA imati malowo ndi opanda kanthu, chonsecho NA ndi chidule cha dziko la Namibia. Sichenjeza aliyense, tebulo limaoneka labwinobwino, dzina la dziko litasowa. Mankhwala ake alipo, zosintha za dtype ndi keep_default_na, koma amawafuna ndi amene wapsa kale. N'chifukwa chake chimene laibulale imachita isanauzidwe kanthu chimalemera kuposa zosintha zonse pamodzi.

Chosintha chikatuluka, kuchibweza ndi ntchito, chifukwa mapulogalamu a anthu osadziwana amakhala atatsamira pa icho. Kale pandas inali ndi zosintha ziwiri za mizere yowonongeka, error_bad_lines ndi warn_bad_lines, chilichonse cha inde kapena ayi. Ziwirizo zinkapereka njira zinayi pamene zofunika zinali zitatu zokha: kuima, kuchenjeza, kapena kudumpha mzerewo. Mu 2021 osamalira laibulaleyi anabweretsa chosintha chimodzi, on_bad_lines, koma zakalezo anazisiya zikugwirabe ntchito, zikungotulutsa chenjezo. Anazichotsa mu 2023, pa pandas 2.0.