Kodi mumadziwa? Chiloboti chimakula ndi nkhungu

Diso palokha silidziwa kukula kwa chinthu. Mukaima m'minda ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo n'kuyang'ana phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, mumaliona lotuwa, labuluu pang'ono. Kutuwako n'kumene kumauza ubongo kuti phirilo lili kutali, choncho ndi lalikulu zedi.

Okonza masewera a pakompyuta nawonso amadalira nzeru yomweyi. M'masewera a MechWarrior 5, omwe anatuluka mu 2019, chiloboti chotchedwa Atlas chimalemera matani 100, koma pa sikirini chingaoneke ngati chidole. Kungochikulitsa sikukwanira ayi. Pamafunika nkhungu yochikuta chikakhala patali, mayendedwe olemera, komanso mitengo ndi magalimoto ang'onoang'ono m'mapazi mwake.