Nthambo zolendewera m'mafakitale: tisazitenge ngati za kunyumba

Ambiri a ife tikangofika kuno ku Toronto, ntchito yoyamba timaipeza m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Mississauga, Brampton, Vaughan kapena Scarborough. M'malo ambiri oterewa magetsi oyendetsera makina satuluka m'khoma ayi. Amachokera kudenga, kudzera m'nthambo zolendewera pamwamba pa mitu yathu.

Kudengako kumakhala ngalande yayitali yachitsulo yotchedwa busway, ndipo m'kati mwake mumadutsa zitsulo za kopa kapena aluminiyamu zonyamula magetsi. Pangalandepo amalumikizapo timabokosi tokhala ndi fyuzi kapena bureka, ndipo nthambo imatsika kuchokera m'kabokosimo kukafika pamakina. Njirayi ndi yabwino ndithu. Pansi pamakhala poyera, munthu sapunthwa, forklift siponda nthambo, komanso makina akasamutsidwa amisiri amangosuntha kabokosi m'malo mogumula khoma.

Koma vuto lagona pa mphamvu yake. Kwathu ESCOM imapereka ma volts 230 m'nyumba, pamene nyumba za kuno zimalandira 120. N'chifukwa chake ena timaganiza kuti magetsi a ku Canada ndi ofooka. Kufakitale si choncho. Makina akuluakulu ambiri ku Ontario amayendera ma volts 600, ndipo nyali zina za kudenga zimayendera 347. Mphamvu yotereyi ikhoza kupha munthu nthawi yomweyo.

Nthambo zambiri zili ndi pulagi yochita kupotokola kuti ikhazikike, ndipo mano ake amasiyana malinga ndi mphamvu ya magetsi. Pulagi ikakana kulowa, ndiye kuti malowo si ake, tisaikakamize. Tisazule pulagi pokoka nthambo, ndipo tisakolekepo jekete kapena chikwama. Tiziyang'ananso kaukonde kawaya kamene kamagwira nthambo pamene yatulukira m'kabokosi. Kaukondeko ndiko kamanyamula kulemera kwa nthambo, kotero kakamasuka mawaya a m'kati amayamba kuzuka. Ife oyendetsa forklift tizikweza maso tisanakweze katundu.

Kumudzi tinazolowera kuti waya akaduka timalumikiza tokha n'kukulunga ndi tepi kapena pulasitiki. Luso limenelo tilisiye pageti. Kuno malamulo oyika magetsi ali m'buku la Ontario Electrical Safety Code, ndipo amawayang'anira ndi a Electrical Safety Authority, bungwe limene linayamba ntchito mu 1999. Kukonza nthambo yong'ambika, yotentha kapena yothetheka ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi, amene amayamba wazimitsa ndi kutseka switchi ndi loko kuti wina asayatse mosadziwa. Udindo wathu ndi kuuza kapitawo msanga.

Nanga kapitawo akati pitirizani ntchito? Lamulo la Occupational Health and Safety Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 1979, lili kumbali yathu. Gawo 43 limatilola kukana ntchito imene tikukhulupirira kuti ingativulaze. Tikakana, abwana ayenera kufufuza nthawi yomweyo, ife tili pomwepo pamodzi ndi woimira antchito. Tikaona kuti ngozi ikadalipo, pamaitanidwa woyendera ntchito wochokera ku unduna wa zantchito wa Ontario. Gawo 50 limaletsa abwana kutichotsa ntchito kapena kutiopseza chifukwa chokana. Lamuloli limatetezanso ife amene tinalowa kudzera ku ma agency, ngakhale titagwira tsiku limodzi lokha. Pamalo pamene pali antchito 20 kapena kuposerapo payenera kukhala komiti ya zaumoyo ndi chitetezo, choncho tidziwe amene akutiimira m'komitimo.

Tikudziwa kuti munthu wobwera kumene amaopa kuyankhula, poganiza za lendi ndi fizi ya ana amene tinasiya kwathu. Komatu abale, ana omwewo akudalira manja athu ali amphumphu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nthambo ikatikayikitsa, tiime, tifunse, ndipo tiuzeko mnzathu amene wayamba ntchito sabata ino.