N'chifukwa chiyani masipika akale a nyimbo za rock anali aakulu ngati kabati?

Mukaona zithunzi za m'nyumba za anthu okonda nyimbo za rock ku America kapena ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, chinthu chimodzi chimaonekeratu: mabokosi awiri amatabwa oima pansi, ena ofika m'chiuno, ena mpaka m'chifuwa. Amenewo anali masipika. Masiku ano kasipika ka Bluetooth kamalowa m'thumba la thalauza, ndiye wina angaganize kuti akale aja sankadziwa kupanga zinthu zazing'ono. Ayi ndithu. Ukulu umenewo unali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho ndi Fizikisi yomweyi mukuphunzira m'kalasi. Mpaka pano anthu ena amasakasaka mabokosi akalewa kuti azimvetsera Led Zeppelin kapena Deep Purple. Tiyeni tione chimene amapezamo.

Sipika ndi chokankha mpweya basi

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Woimba ng'oma akamenya, chikopa chimapita kutsogolo ndi kumbuyo mofulumira, n'kumakankha mpweya woyandikana nacho. Mpweyawo umakankha unzake, winawo umakankha wina, mpaka fundelo litafika m'khutu mwanu.

Sipika imachita ngati chikopa cha ng'omacho, kungoti imene imamenya ndi magetsi. Mkati mwake muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi koni, yomwe ndi pepala lolimba looneka ngati mbale yakuya. Magetsi ochokera ku ampulifaya akadutsa mu koyilo, koyiloyo imasanduka maginito nayonso. Poti magetsiwo amasinthasintha kolowera, koyilo imakokedwa kenako n'kukankhidwa, ndipo koni yomatidwa pa iyo imavina limodzi nayo. Njira imeneyi anaifotokoza bwino Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric mu 1925, ndipo masipika ambiri mpaka lero, ngakhale a m'foni mwanu, amagwira ntchito chimodzimodzi.

Besi imafuna mpweya wambiri

Khutu la wachinyamata limamva kunjenjemera koyambira pa maulendo 20 kufika pafupifupi 20,000 pa sekondi imodzi. Timalemba kuti 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Nambala ikakhala yaing'ono, mawu amakhala a besi. Ikakhala yaikulu, mawu amakhala osongoka ngati a mluzu.

Chingwe chonenepa kwambiri pa gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Mukukumbukira kuti kutalika kwa funde kumapezeka pogawa liwiro ndi frequency? Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi mu mpweya. Gawani 343 ndi 41, mupeza mamita oposa 8. Funde limodzi lokha, kutalika ngati kalasi yanu! Pomwe pa 10,000 Hz, komwe kumamveka kuwetima kwa mbale zachitsulo za woimba ng'oma, funde ndi la masentimita 3.4 okha.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuti sipika itsike ndi theka la frequency, tinene kuchoka pa 80 Hz kufika pa 40 Hz, koma mawu n'kumamvekabe mokweza chimodzimodzi, iyenera kukankha mpweya wochuluka kanayi. Njira zochitira zimenezi zilipo ziwiri: koni ikhale yaikulu, kapena iziyenda mtunda wautali kutsogolo ndi kumbuyo. Koni ya masentimita 30 ili ndi malo okankhira mpweya kanayi kuposa ya masentimita 15, chifukwa mukawirikiza kawiri m'lifupi mwa bwalo, area imawirikiza kanayi. Ndiye yaing'onoyo iyenera kuyenda mtunda wotalika kanayi kuti ifanane ndi yaikuluyo. Zili ngati kutunga madzi ndi kapu pomwe mnzako akutunga ndi ndowa. Koni ikamayenda mopyola muyeso, mawu amasokonekera, mumamva kuti prrr m'malo mwa besi yoyera. N'chifukwa chake akale ankaika ma koni a masentimita 30 kapena 38 m'mabokosi awo.

Nanga bokosilo ndi la chiyani? Koni ikamakankha mpweya kutsogolo, nthawi yomweyo imakoka mpweya kumbuyo kwake. Popanda chotchinga, mpweya wakutsogolo umangozungulira m'mbali n'kukadzaza kumbuyo kuja, besi n'kufa. Bokosi limalekanitsa mbali ziwirizi. Koma mpweya wotsekeredwa m'bokosi umachita ngati sipuling'i: bokosi likachepa, sipuling'iyo imalimba, ndipo koni imavutika kuyenda pang'onopang'ono monga besi imafunira. Bokosi lalikulu limaipatsa mpata wopumira.

Mutha kuyesa nokha. Pezani kasipika ka m'wailesi yakufa, kalumikizeni kuti kaziimba kali pamtunda, mumve mawu ake. Kenako boolani katoni bowo lofanana ndi kasipikako, mukaike pabowopo mothina. Mudzamva besi ikubwera pomwe inalibe.

Mawati anali odula

Chifukwa chachiwiri ndi ampulifaya. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ma ampulifaya ankagwiritsa ntchito timababu totchedwa mavalavu, ndipo ambiri a m'nyumba ankapereka mawati 10 kapena 20 basi. Sipika inayenera kukhala yosawononga mphamvu. Dziwani kuti sipika wamba imasandutsa pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mphamvu ya magetsi kukhala mawu, kapenanso kuchepera pamenepo. Yotsalayo imangotenthetsa koyilo.

Njira imodzi yopulumutsira mphamvu ndi lipenga. Pindani katoni ngati fanulo, muyankhulire ku mbali yopapatiza, mudzaona kuti mnzanu wakutali akumva bwino. Lipenga limathandiza kuti kanthu kakang'ono kagwire mpweya wambiri. Vuto n'lakuti lipenga la besi liyenera kukhala lalitali kwambiri, chifukwa cha mafunde aatali aja. Paul Klipsch wa ku Hope, m'chigawo cha Arkansas ku America, anathana nazo popinda lipengalo mkati mwa bokosi, n'kuliika pakona ya chipinda kuti makoma ndi pansi zimalizitse lipengalo. Sipika yakeyo, Klipschorn, inayamba kupangidwa mu 1946 ndipo ikupangidwabe.

Tiyeni tiwerengere. Kukweza kwa mawu timakuyeza mu ma decibel, mwachidule dB. Klipschorn ikapatsidwa wati imodzi imatulutsa pafupifupi 104 dB mukaima mita imodzi kuchokera pomwe ili. Kasipika kakang'ono ka m'nyumba kamatulutsa mwina 87 dB ndi wati yomweyo. Kusiyana ndi 17 chabe, eti? Musanamizike. Kuti muwonjezere 3 dB muyenera kuwirikiza mawati kawiri, ndipo 10 dB imafuna mawati kakhumi. Ndiye 17 dB ndi pafupifupi ka 50. Zimene bokosi lalikulu limachita ndi wati imodzi, kakang'onoko kamafuna mawati 50.

Pa zitatu, sankhani ziwiri

Mu 1954, Edgar Villchur wa kampani ya Acoustic Research anatulutsa sipika yotchedwa AR-1. Bokosi lake linali laling'ono poyerekeza ndi anzake a nthawiyo, lotsekeka mbali zonse, koma besi yake inali yakuya modabwitsa. Anagwiritsa ntchito koni yolemera, yomangidwa mofewa, n'kusiya mpweya wa m'bokosimo kuti ukhale sipuling'i. Koma panalibe chaulere: sipikayo inkadya mawati ambiri.

Katswiri wina, Josef Anton Hofmann, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya KLH, anaika mfundoyi m'lamulo limene mpaka lero limadziwika ndi dzina lake. Pali zinthu zitatu zimene wopanga sipika amafuna: bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi kusadya mawati ambiri. Atha kupeza ziwiri zokha. Wosankha bokosi laling'ono ndi besi yakuya alipira ndi mawati. Wofuna besi yakuya ndi mawati ochepa alipira ndi malo pabalaza.

Masipika ang'onoang'ono a masiku ano sanaphwanye lamuloli. Matiranzisita anatsitsa mtengo wa mawati, ndipo timakompyuta ta mkati mwa sipika timawonjezera besi mukamamvetsera motsitsa. Koma tayesani kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Besi imathawa, chifukwa kakompyuta kaja kamaichepetsa dala kuti koni isang'ambike.

Nanga rock ikubwera pati?

Nyimbo za rock zimadalira kugunda. Ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi imatulutsa mphamvu yambiri mwadzidzidzi, kwa kanthawi kochepa kwambiri, pamwamba pa gitala ya besi ndi magitala amagetsi amene akulira kale. Sipika yosadya mawati ambiri imakhala ndi mpata wokwanira kutulutsa kugundako, ampulifaya isanatope ndiponso koyilo isanatenthe. Ndiye mukamamvetsera John Bonham wa Led Zeppelin akumenya ng'oma, mumamva m'chifuwa, osati m'makutu mokha. Chimodzimodzinso ndi Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970 ya magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. N'chifukwa chake okonda rock amatchulatchula mayina ngati Klipsch, JBL, Altec Lansing ndi Cerwin-Vega.

Koni imodzi singaimbe zonse. Yaikulu ndi yolemera, singanjenjemere ka 10,000 pa sekondi bwinobwino. Ndiye m'mabokosi ambiri mumakhala zitatu: woofer ya besi, ina yapakati ya mawu a woimba ndi gitala, ndi tweeter ya mawu osongoka. Kachipangizo kotchedwa crossover ndi kamene kamagawa, aliyense alandire gawo lake.

Izi sizikutanthauza kuti chakale chilichonse ndi chabwino kuposa chatsopano. Masipika akale ambiri amakometsera mawu ena n'kupondereza ena, ndipo ena amalipenga amaboola m'makutu. Amakalambanso. Mkombero wa siponji umene umagwira koni m'mphepete umafumbwa pakapita zaka, n'kumayoyoka mukangoukhudza, ndipo ma capacitor ena a mu crossover amauma. Ubwino wake, zonsezi mmisiri amatha kusintha popanda kutaya bokosi.

Makutu alibe sipeya

Koni ikang'ambika amaika ina, koma khutu ayi. Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso.

Akatswiri oona za umoyo wa anthu pantchito ku America amati pa 85 dB munthu asapitirire maola 8 pa tsiku. Mukawonjezera 3 dB, nthawi imadulidwa pakati: maola 4 pa 88 dB, maola 2 pa 91 dB, mpaka mphindi 15 zokha pa 100 dB. Tsopano kumbukirani Klipschorn ija, 104 dB ndi wati imodzi yokha. Gulu la The Who litaimba pabwalo la mpira la Charlton ku London mu 1976, phokoso linayezedwa kufika 126 dB, ndipo woimba gitala wawo, Pete Townshend, wakhala akunena poyera za vuto lake la kumva.

Lamuloli silisankha kuti phokoso likuchokera m'bokosi lamatabwa, m'masipika a paukwati kapena m'mahedifoni. Ngati mnzanu ali pafupi, mkono umodzi kuchokera pomwe muli, koma mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokosolo lakwera kwambiri. Makutu akamalira kuti ziii nyimbo zitatha, akukuuzani kuti mwawapweteka. Tsitsani voliyumu, imani patali ndi sipika, ndipo muziwapatsa nthawi yopuma.