COBH: DOKO LA MISOZI LIMENE LINASANDUKA MALO OPUMULIRAKO

Kum'mwera kwa dziko la Ireland, pa cisumbu ca m'doko lalikuru la Cork, kuli mzinda waung'ono dzina lace Cobh. Eni ace amachula kuti "Kov". M'miyezi yofunda, kuyambira May kufikira September, alendo ambiri amapita kumeneko pa chuti. Koma kale anthu sanali kudzako kudzapumula ai. Anali kudza kudzatsazikana ndi abale ao.

Pa caka ca 1845 matenda anagwira mbatata za kacewere, zimene zinali cakudya ca amphawi ca masiku onse, monga iliri nsima kuno. Njala inapha anthu ngati 1,000,000, ndipo otsala ambiri anaganiza zothawira ku America. Kuyambira 1848 kufikira 1950 anthu okwanira 2,500,000 anakwera sitima za pamadzi pa doko limeneli, ndipo ocuruka a iwo sanaonenso kwao. Munthu amene anasiya mudzi wace kukafuna nchito ku migodi angathe kuzindikira cisoni cao.

Mmodzi wa iwo anali Annie Moore, mtsikana amene anapita pamodzi ndi alongo ace awiri. Pa 1 January, 1892, iye anali woyamba kulembedwa pa Ellis Island, pa khomo la New York. Lero cifanizo ca atatuwo caimirira m'mbali mwa madzi.

Masiku amenewo mzindawu unali kuchedwa Queenstown, cifukwa Mfumukazi Victoria anafikako mu 1849. Dzina la Cobh linakhazikika mu 1920. Pamenepa ndi pamene sitima yochuka ija, Titanic, inaima kotsiriza pa 11 April, 1912. Inatenga anthu 123, ndipo pa 15 April inamira itagunda phiri la madzi oundana. Nyumba imene anagulamo matikiti ikalipo, ndipo alendo amalowamo kukamva mbiri yao.

Mlendo wa lero amacokera ku Cork pa sitima ya pamtunda, ulendo wosakwana ola limodzi. Atatsika, aona nyumba zopakidwa utoto wamitundumitundu zitandandalika pa citunda cotsetsereka, ndipo pamwamba pa zonse pali chalichi cacikuru ca St Colman, cokhala ndi mabelu 49. Ngalawa zazing'ono zimaolotsa anthu kunka ku Spike Island, kumene kuli linga lakale limene linalinso ndende.

Pakati pa alendowo pamakhala zidzukulu za anthu aja anathawa njala. Amacokera ku America ndi ku Australia, ena atanyamula pepala lolembedwa dzina la agogo ao, naimirira pa doko pomwe makolo anaonera dziko lao kotsiriza. Akulu anati, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.