Digiri Yochokera Pabwalo la Ingoma

Mwana akamaliza Fomu 4 nanena kuti afuna kukaphunzira zisudzo kapena magule, makolo ambiri a ku Ntcheu amagwira pakamwa. Kwa iwo ingoma ndi gule wovina pa zikondwerero za Inkosi ya Makosi Gomani, osati chinthu chopita nacho ku yunivesite. Komatu masiku ano munthu angathe kulandira digiri yapamwamba koposa, ija itchedwa PhD, imene imampatsa dzina loti Dokotala, chifukwa cha luso limene iye mwini wapanga.

Kale wofufuza ankaima pambali, kope lili m'manja. M'zaka za m'ma 1930 mayi wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a kwa Gomani ndi a kwa M'mbelwa, kulemba nyimbo ndi miyambo yawo, ndipo mu 1956 anatulutsa buku lotchedwa The Ngoni of Nyasaland. Ntchito yake njamtengo wapatali mpaka lero. Koma pepala silisunga mgugu wa phazi poponda pansi, ngakhale kanyamulidwe ka chishango ndi chibonga. Nzeru zoterezi zimakhala m'thupi la wovina, ndipo akatsikira kuli chete amapita nazo.

Nchifukwa chake mayunivesite ena, makamaka a ku Britain ndi Australia, anavomereza njira ina yofufuzira. Wophunzira amayamba ndi funso, napanga sewero, filimu kapena nyimbo pofuna kuliyankha. Tsiku ndi tsiku amalemba zimene wayesa, zimene zakanika ndi zimene wasintha, namkungwi wake akumuwongolera. Patatha zaka zitatu kapena zinayi amapereka luso lija pamodzi ndi buku lofotokoza nzeru yatsopano imene yatulukamo, ndipo akatswiri amamfunsa mafunso pamaso mpamaso. Kukoma kwa sewero pakokha sikukwanira ayi. Ayenera kusonyeza chimene anthu sankadziwa iye asanayambe.

Malawi si mlendo pa njira imeneyi. Gulu la zisudzo loyendayenda la Chancellor College linayamba mu 1970. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene linakonza masewero kuchokera pa mavuto amene linawapeza m'deralo. Pakati pa zaka za m'ma 1980, m'midzi ya ku Liwonde, ochita sewero ankaimitsa nkhani pakati nafunsa oonerera chimene chiyenera kuchitika pa za zitsime ndi zimbudzi, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aphunzitsi awo, David Kerr ndi Christopher Kamlongera, analemba mabuku pa ntchitoyi, ndipo a Kamlongera analandira PhD ku Leeds mu 1984. Ku Leeds komweko, mu 2017, Zindaba Chisiza analandira yake atachita zisudzo ndi anyamata a m'Malawi pofufuza mmene maganizo awo pa za umuna amakhudzira kufala kwa HIV.

Chimene oonerera a ku Liwonde ankachita ndi pakamwa, lero chingachitikenso pa kompyuta ndi foni, pamene woonera amasankha, nayankha, nasintha chimene chikuoneka. Apa mpamene Ntcheu ali ndi mwayi. M'bomali Chingoni chinazilala, ndipo mawu ambiri a chinenerochi anatsalira m'nyimbo za ingoma, zimene achinyamata amaimba osadziwa tanthauzo lake. Wophunzira wochokera ku Lizulu kapena kwa Njolomole angathe kulowa m'bwalo, kuphunzira kuvina kwa akuluakulu, kenaka nkukonza pulogalamu ya pa foni imene mwana wa sukulu angamasankhepo nyimbo, kumva tanthauzo lake ndi kutsatira mapondedwe ake. Funso lake likhoza kukhala ili: kodi nchiyani cha m'gule chimene makina angaphunzitse, ndipo nchiyani chimene chifunikabe bwalo ndi mkulu wolangiza?

Pali chenjezo limodzi. Nyimbozo zili ndi eni ake. Wofufuza wolongosoka amayamba wapempha kwa mfumu ndi kwa ovina, amatchula maina awo m'buku lake, ndipo akamaliza amabwerera kumudzi kukaonetsa chimene wapanga. Akapanda kutero, digiri idzakhala yake koma mudzi udzatsala chimanjamanja.

Ulendo wa ku PhD ngwautali: satifiketi ya MSCE, digiri yoyamba, yachiwiri, kenaka yachitatuyo. Koma umayambira pafupi, m'kalabu ya zisudzo ya pasukulu. Mphunzitsi amene amazoloweretsa ana kulemba m'kope chimene ayesa pa sewero lawo, ndi chifukwa chimene oonerera anasekera pano koma nakhala duu apo, wayamba kale kuumba wofufuza.