Zimene Mtengo wa pa Tsiku Sulipira m'Nyumba za Anamwino ku America

Madzulo ano tikamba za dziko la United States, kumene nkhalamba ikaturuka m'cipatala isanapeze mphamvu, kawiri kawiri imayamba yakhala m'nyumba ya anamwino isanabwerere kwao. Ndarama zolipira kumeneko zimacokera m'thumba la Boma lochedwa Medicare, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1965.

Poyamba Boma linkabwezera nyumbazi monga momwe zaonongera, ndipo ndarama zinali kukwera caka ndi caka. Cotero lamulo la 1997 linasintha kalipiridwe. Kuyambira 1998 Boma limapereka mtengo woikika pa tsiku liri lonse limene wodwala wagonamo, ndipo mtengowo umatsata kukula kwa matenda ace. M'menemo muli kama, cakudya, nchito ya anamwino, mankhwala ambiri, ndiponso kumphunzitsa munthu kuyendanso kapena kulankhulanso.

Koma ziripo zina zimene anazisiya kunja mwadala. Dotolo wodzaona wodwala amalandira zace padera. Comweconso kutsuka mwazi ndi makina kwa munthu amene impso zace zinaleka kugwira nchito, mankhwala ena a kansa, zithunzi za m'thupi za CT ndi MRI zojambulidwa kucipatala, ndi mwendo wopanga woyesedwa pa munthu mmodzi yekha. Zina mwa izi zinaonjezedwa ndi lamulo la 1999.

Kodi anaziturutsiranji? Taganizani bwino. Mtengo wa pa tsiku uli ngati muyeso wa ufa wa pa banja: wina adya pang'ono, wina adya kwambiri, koma mphika ukwanira onse. Zinthu tachulazi sizitero ai. Zimafunika kwa anthu owerengeka, koma mtengo wace ngwaukuru, kotero kuti mwendo umodzi ungathe kumeza malipiro a masiku ambiri. Mwini nyumba akadauzidwa kuti azilipira yekha, bwenzi akusankha odwala opepuka, nabweza pakhomo amene ali m'matenda akuru. Ife tiona kuti apa opanga lamulo anaganiza mwanzeru, ngakhale kuti nchito ya makalata inawacurukira alembi.

Gulu laciwiri ndilo limene limadabwitsa abale, pakuti limagwera thumba la wodwala mwini. Telefoni yace yace, televizioni ya m'cipinda, ndi cipinda cogona yekha pamene matenda sakufuna cotero, izi nyumba ingathe kumlipiritsa, malinga idayamba yamuuza mtengo wace. Koma sopo, cipeso, mswaci ndi kucapa zobvala, lamulo likuti ziri kale m'kati mwa mtengo wa pa tsiku. Mbale akaziona pa kalata ya ngongole, ayenera kufunsa.

Masiku naonso ali ndi malire. Masiku 20 oyamba Medicare imalipira mtengo wonse. Kuyambira tsiku la 21 kufikira la 100 wodwala amathirapo zace, zimene m'caka ca 2025 zinali madola 209.50 pa tsiku. Akapitirira masiku 100 thandizoli limaleka. Amene cuma cace catha amatembenukira ku thumba lina la osauka lochedwa Medicaid. Kumeneko penshoni yace pafupi yonse imanka ku nyumbayo, ndipo amamsiyira kandarama kogulira zosowa zace. Maboma ambiri a zigawo amaonjezapo, koma lamulo la dziko lonse limangolamula madola 30 pa mwezi.